Geni ya mabatire akutha: phindu lake lili pati kwa wamalonda wa ku Mulanje?

Pa tsiku la msika pa Limbuli, pa Nkando kapena pa Chitakale, batire lakutha silisowa. Lina limakhala pansi pa benchi ya wotchaja mafoni, lina kuseri kwa chinyumba choonetsera mpira, lina lili pa keliyala ya njinga kupita kwa wogula zitsulo zakutha. Ambiri amaliona ngati chinyalala cholemera chomwe chingabweretse ya sopo basi.

Kunja kwa dziko lino batire lakutha lasanduka bizinesi ya ndalama zankhaninkhani. Chifukwa chakuti galimoto zoyendera magetsi zikuchuluka ku China, ku Ulaya ndi ku America, kwabadwa makampani omwe ntchito yawo ndi kuphwanya mabatire akale a galimotozi, kuchotsamo miyala ya mtengo wapatali n'kuigulitsanso kwa opanga mabatire atsopano. Nkhani za makampaniwa zimafika pafoni ya aliyense, ndipo wamalonda yemwe wasungako kangachepe ku banki mkhonde akhoza kudzifunsa ngati si nthawi yoti naye aikeko mpamba wake. Yankho lake likufuna kudziwa kaye momwe geniyi imayendera, omwe apindula nayo, omwe agwa nayo, komanso mbali yomwe munthu wa ku Mulanje angaifikire ndi manja ake.

Muli chiyani m'batire?

Mabatire omwe amapezeka pamsika ndi a mitundu iwiri ikuluikulu, ndipo mitengo yake ikatha ntchito imasiyana kwambiri.

Mtundu woyamba ndi batire la mtovu ndi asidi. Ili ndi lija lolizira injini ya galimoto, minibasi kapena njinga yamoto, lomwenso mabanja ambiri amalumikiza ku sola. Ndi lolemera chifukwa pafupifupi magawo 60 pa 100 aliwonse a kulemera kwake ndi mtovu. Chotsalacho ndi asidi ndi chibokosi cha pulasitiki. Mtovu umatheka kusungunulidwa kambirimbiri osataya mphamvu yake, n'chifukwa chake batire lotere lili ndi msika pafupifupi m'dziko lililonse. Mtovu wochuluka womwe dziko lapansi limagwiritsa ntchito, pafupifupi magawo 85 pa 100, umathera m'mabatire amenewa.

Mtundu wachiwiri ndi batire la lithium. Ili ndi lomwe lili m'foni, m'laputopu, m'matochi otchaja, m'zipangizo za sola zamakono komanso m'galimoto ndi njinga zoyendera magetsi. Ndi lopepuka ndipo limasunga moto wambiri. Mkati mwake muli lithium, graphite, mkuwa ndi aluminiyamu, ndipo ena amakhalanso ndi cobalt ndi nickel. Fakitale ikalandira mabatirewa imawachotsa moto wotsalira, n'kuwagaya mpaka kutsala ufa wakuda. Ufawo ndi womwe amausungunula ndi mankhwala kapena ndi moto waukulu kuti mwala uliwonse upatuke paokha.

Apa pali mfundo yomwe otsatsa geniyi satchula kawirikawiri. Ndalama yeniyeni ya ufa wakudawo ili mu cobalt ndi nickel. Koma mabatire ambiri a lithium omwe akupangidwa masiku ano, makamaka a sola ndi a galimoto zotsika mtengo za ku China, ndi a mtundu wotchedwa LFP, womwe ulibe cobalt ngakhale nickel. Amakhalitsa ndipo sapsa wamba, koma akatha ntchito phindu lowagaya limakhala lochepa, mwakuti m'maiko ena mwini batire ndi amene amalipira kuti fakitale ilitenge.

Omwe adathamangira geniyi

Kampani yodziwika kwambiri pa ntchitoyi ku America ndi Redwood Materials, yomwe idakhazikitsidwa mu 2017 ndi JB Straubel, mmodzi mwa omwe adayambitsa kampani ya galimoto zamagetsi ya Tesla. Likulu lake lili m'chigawo cha Nevada. Ku Belgium kuli Umicore, kampani yakale yoyenga miyala yomwe ili ndi fakitale ku Hoboken. Ku China kuli Brunp, yomwe ndi nthambi ya CATL, kampani yaikulu kuposa ina iliyonse yopanga mabatire a galimoto zamagetsi.

Chomwe chidakopa anthu a ndalama n'chomveka. Miyala ya m'mabatire imachokera m'maiko ochepa. Cobalt wochuluka, pafupifupi magawo 70 pa 100, amakumbidwa ku Democratic Republic of Congo. Maiko olemera safuna kudalira migodi yakutali, ndiye akufuna kuti batire lakale likhale mgodi wawo. Mu 2023 bungwe la European Union lidakhazikitsa lamulo loti kuyambira mu 2031 mabatire atsopano a galimoto zamagetsi ndi a m'mafakitale azikhala ndi gawo la miyala yochokera m'zinthu zakale: cobalt magawo 16 pa 100, lithium magawo 6, nickel magawo 6 ndipo mtovu magawo 85. Lamulo lotere limatsimikizira kuti ogula adzakhalapo.

Komabe kukhala ndi ogula mtsogolo sikudapulumutse aliyense. Kampani ya ku Canada ya Li-Cycle idalowa pa msika wa masheya wa New York mu 2021 anthu akuiimbira m'manja. Idayamba kumanga fakitale yaikulu ku Rochester, koma mu October 2023 idaimitsa ntchitoyo chifukwa ndalama zomangira zidakwera kuposa momwe idawerengera. Mtengo wa masheya ake udagwa, ndipo mu May 2025 idapita kukhoti kukapempha chitetezo kwa omwe idawakongola. Mu August chaka chomwecho katundu wake adatengedwa ndi Glencore, kampani ya migodi yomwe idali m'gulu la oikongoza. Kampani ikafika pamenepa, oyamba kulipidwa amakhala okongoza, ndipo eni masheya amaima kumapeto kwa mzere.

Ku Sweden nako kampani ya Northvolt, yomwe inkapanga mabatire komanso idali ndi nthambi yogaya akale, idasonkhanitsa madola oposa mabiliyoni 10 kuchokera kwa akuluakulu ngati Volkswagen ndi Goldman Sachs. Mu March 2025 idalengeza kuti yagwa.

Zifukwa zake wamalonda aliyense wa pamsika akhoza kuzizindikira. Choyamba ndi mtengo. Mu November 2022 tani imodzi ya lithium yoyengedwa inkagulidwa pafupifupi mayuan 600 000 ku China. Pofika kumapeto kwa 2023 idatsika kufika cha m'ma 100 000, chifukwa migodi yatsopano idatsegulidwa yambiri, kuphatikizapo ya ku Zimbabwe. Mwala wa mumgodi ukatchipa, wochokera m'batire lakale nawo umatchipa, pomwe ndalama zoyendetsera fakitale sizitsika. Zili ngati munthu yemwe wapikula nandolo wambiri pa mtengo wokwera, n'kumanga nkhokwe ya ngongole, kenako ogula a ku Limbe n'kutsitsa mtengo.

Chachiwiri ndi katundu. Batire la galimoto yamagetsi silifa msanga. Opanga ambiri amalonjeza kuti ligwira ntchito zaka 8 kapena makilomita 160 000, ndipo ambiri amapitirira pamenepo. Likachotsedwa m'galimoto limakhala likadali ndi mphamvu yosunga moto pafupifupi magawo 70 mpaka 80 pa 100, ndiye ena amaligula kuti lizisunga magetsi a sola kwa zaka zina. Redwood Materials yomwe mu 2025 idatsegula nthambi yochita zimenezi. Zotsatira zake n'zakuti mafakitale adamangidwa mabatire oti agayidwe asadachuluke, ngati chigayo chomangidwa chimanga chikadali m'munda.

Kodi masheya ake angagulidwe kuno?

Msika wa masheya wa dziko lino, Malawi Stock Exchange, uli ku Blantyre ndipo udayamba kugulitsa masheya mu 1996. Pa msikawu pali mabanki monga National Bank, Standard Bank, FDH ndi NBS, makampani a mafoni a TNM ndi Airtel, kampani ya shuga ya Illovo, Press Corporation, NICO, Sunbird ndi ena. Palibe kampani ngakhale imodzi yomwe ntchito yake ndi kugaya mabatire.

Kuti munthu agule masheya a kampani ya kunja ngati Umicore, afunika ndalama zakunja, akaunti kwa wogulitsa masheya wa kunjako, komanso kutsata malamulo a Reserve Bank of Malawi okhudza kutumiza ndalama kunja. Aliyense woitanitsa katundu akudziwa momwe madola amavutira kupeza. Redwood Materials nayo sili pa msika wa masheya uliwonse, kutanthauza kuti ngakhale munthu wamba wa ku America sangagule gawo lake pa kauntala.

N'chifukwa chake uthenga wa pa WhatsApp kapena Facebook wonena kuti munthu atumize K20 000 pafoni kuti akhale ndi gawo m'kampani ya mabatire, n'kumalandira phindu tsiku lililonse, uyenera kukayikiridwa pomwepo. Makampani enieni omwe ali ndi mafakitale ndi akatswiri akulephera kupeza phindu pa chaka, ndiye phindu la tsiku ndi tsiku lingachokere kuti? M'machitidwe otere oyamba kulowa amalipidwa ndi ndalama za olowa pambuyo, ndipo tsiku lomwe olowa atsopano achepa, nambala ya foni imazima. Reserve Bank yakhala ikuchenjeza anthu za magulu otere. Zizindikiro zake sizisintha: phindu lotsimikizika, kukakamiza kuti munthu alowe lero lomwe, mphotho kwa wobweretsa anzake, komanso kutumiza ndalama ku nambala ya munthu m'malo mwa akaunti ya kampani. Akuluakulu adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada.

Wofuna masheya enieni apite kwa wogulitsa masheya yemwe ali ndi chiphaso chochokera ku Reserve Bank, atsegule akaunti m'dzina lake ndi chitupa cha unzika, ndipo alandire chikalata chosonyeza zomwe wagula. Aikeko ndalama yomwe sangaifune mawa, osati mpamba wopikulira katundu kapena ngongole ya katapila.

Phiri la Songwe ndi galimoto zamagetsi

Pali kampani imodzi yomwe ikulumikiza dera lino ndi geni yobwezeretsa zinthu zakale za m'galimoto zamagetsi. Ku Phalombe, boma lomwe lidali mbali ya Mulanje mpaka mu 1998, kuli phiri la Songwe komwe kampani ya ku Canada ya Mkango Resources yakhala ikufufuza miyala yosowa kwa zaka zoposa khumi. Mu July 2024 idasainirana mgwirizano ndi boma wokhudza kutsegula mgodiwo. Miyala ya ku Songwe, monga neodymium ndi praseodymium, siyopangira mabatire. Imapangira maginito amphamvu omwe amazunguza injini ya galimoto yamagetsi.

Kudzera m'nthambi yake yotchedwa Maginito, Mkango ili ndi kampani ya HyProMag ku Birmingham m'dziko la Britain, yomwe imachotsa maginito m'zipangizo zakale monga makompyuta ndi injini zamagetsi n'kupanganso atsopano. Njira yomwe imagwiritsa ntchito idatulukiridwa pa University of Birmingham. Masheya a Mkango amagulitsidwa ku London ndi ku Canada, osati ku Blantyre. Chimodzimodzi ndi Sovereign Metals ya ku Australia, yomwe ikukonzekera kukumba rutile ndi graphite ku Kasiya m'boma la Lilongwe, ndipo kampani yaikulu ya Rio Tinto idagulamo gawo mu 2023. Graphite ndi mwala womwe umalowa m'mabatire ambiri a lithium.

Kwa wamalonda wamng'ono, phindu la migodi yotere silidzera m'masheya. Limadzera mwa anthu. Mgodi ukayamba ntchito pamafunika chakudya, malo ogona, kabaza, zovala ndi otchaja mafoni. Wogulitsa zinanazi, nthochi kapena mpunga yemwe ali ndi chiphaso cha bizinesi, akaunti ya kubanki ndi gulu lomwe lingapereke katundu mosadukiza ndi amene amakhala patsogolo makampani akamafuna operekera zinthu. Koma mgodi umatenga zaka kuti uyambe, ndiye si nzeru kutenga ngongole lero chifukwa cha mphekesera.

Geni yomwe ili pakhomo

Batire lomwe lili ndi msika weniweni kwa munthu wa ku Mulanje lero ndi la mtovu. M'midzi yambiri yomwe magetsi a Escom sadafike, sola ndi batire ndiye zimayatsa nyumba, kuliza wailesi, kumetera anthu ndi kutchaja mafoni. Ku Bondo, m'mphepete mwa phiri, anthu ali ndi mwayi wa magetsi ochokera mumtsinje wa Lichenya kudzera ku Mulanje Electricity Generation Agency, koma madera otere ndi ochepa. Kuonjezera apo pali njinga zamoto za kabaza, maminibasi a mumsewu wa Muloza ndi mathirakitala a m'minda ya tiyi. Zonsezi zimataya mabatire chaka ndi chaka. Batire la galimoto lomwe laikidwa pa sola limafa msanga, nthawi zina chaka chisadathe, chifukwa lidapangidwira kuliza injini kwa kamphindi osati kutsitsidwa moto usiku uliwonse.

Mabatire otoleredwa amathera m'mafakitale osungunula mtovu. M'chigawo chino cha Africa mafakitale odziwika ali ku South Africa, monga First National Battery ndi Fry's Metals, komanso ku Zimbabwe komwe kuli Chloride. Pakati pa mudzi ndi fakitale pali manja ambiri: wotolera wa panjinga, wogula wa pamsika, wogula wamkulu wa ku Limbe, wonyamula ndi wotulutsa kunja. Aliyense amadulapo yake.

Kudziwa mtengo wa pamwamba kumathandiza pokambirana. M'zaka zaposachedwapa mtovu wakhala ukugulidwa pa madola pafupifupi 2 000 pa tani pa msika wa London Metal Exchange, kutanthauza madola awiri pa kilogalamu. Batire la makilogalamu 15 lili ndi mtovu wokwana pafupifupi makilogalamu 9, womwe ukayengedwa ndi wa madola 18. Pa mtengo wa kubanki wa mu 2025 wa K1 750 pa dola, ndalamayi ndi pafupifupi K31 500. Wa pamsika sangalandire yonseyi chifukwa pali zolipira mayendedwe, kuyenga ndi phindu la apakati, koma akadziwa chiwerengerochi amaona ngati akumubera. Komanso popeza mtovu umagulidwa pa dola, kwacha ikagwa, monga idachitira mu November 2023 pomwe idatsika ndi magawo 44 pa 100, mtengo wa batire lakutha nawo uyenera kukwera. Wogula yemwe akutchulabe mtengo wa chaka chatha afunsidwe chifukwa chake.

Masamu a ulendo umodzi akhoza kuoneka chonchi, ndipo mitengo ili apa ndi yongoyerekeza kuti aliyense aikepo yomwe waipeza sabata imeneyo. Wamalonda watolera mabatire 10 a makilogalamu 15 lililonse, onse pamodzi makilogalamu 150. Ngati wagula pa K600 pa kilogalamu, walowetsa K90 000. Akagulitsa ku Limbe pa K900, alandira K135 000, kusiyana kwake K45 000. Pamenepo achotsepo thiransipoti yake kupita ndi kubwera, ya katundu, ya onyamula ndi chakudya. Ngati zonsezi zakwana K30 000, watsala ndi K15 000 pa ntchito ya milungu ingapo. Ulendo wa mabatire 10 sulipira bwino. Anthu anayi kapena asanu akaphatikiza katundu n'kukwana theka la tani, mtengo wonyamulira kilogalamu imodzi umatsika ndipo wogula wamkulu amamvetsera akamanenerera.

Pali zinthu zina zomwe zimateteza mpamba. Wamalonda akhale ndi sikelo yakeyake ndipo ayeze katundu asadanyamuke, chifukwa kusiyana kwa kilogalamu imodzi pa batire lililonse kumadya phindu lonse. Aimbire ogula awiri kapena atatu asadakwere galimoto, amve mtengo wa tsikulo komanso ngati amadula kulemera kwa asidi. Asaphatikize mabatire a lithium ndi a mtovu m'thumba limodzi, popeza la lithium likalowa m'ng'anjo ya mtovu limaphulika ndipo ogula amakana katundu wosakanizika. Pogula batire latsopano, afunse kusitolo ngati amachotsera mtengo munthu akabweza lakale.

Kachipangizo koyezera mphamvu ya magetsi, komwe amakaniki amakhala nako, n'kothandizanso. Batire la mavoti 12 lomwe lili bwino likadzaza n'kupuma maola angapo limaonetsa pafupifupi 12.6. Lomwe likuonetsa cha m'ma 10.5 ngakhale latchajidwa nthawi zambiri limakhala kuti chipinda chimodzi mwa zisanu ndi chimodzi zamkati mwake chidafa. Ena amataya batire lomwe vuto lake lidali madzi ochepa kapena mitu yadzimbiri, ndipo lotere likakonzedwa limagulitsidwa pa mtengo woposa wa pasikelo. Wogulitsa anene zoona kuti ndi logwiritsidwapo ntchito, chifukwa kasitomala wa m'mudzi akapusitsidwa kamodzi sabweranso ndipo amauza anzake.

Poizoni wosaoneka

Chiopsezo chachikulu pa geniyi chili pa thanzi. Ena amaswa batire ndi nkhwangwa, kukhuthulira asidi pansi n'kusungunula mtovu pa mbaula kuti agulitse ngati chitsulo kapena apangire zolemeretsa maukonde. Utsi ndi fumbi lake zimalowa m'nthaka, m'zovala ndi m'chakudya. Mtovu suwola, umakhala pabwalo kwa zaka zambiri.

Bungwe la World Health Organization limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi womwe ndi wosaopsa. Kwa mwana umaononga ubongo, ndipo kuonongekako sikubwerera: mwana amavutika kugwira za m'kalasi, amachepa magazi, ndipo ukachuluka amakomoka ngakhale kumwalira kumene. Kwa mayi woyembekezera umafika kwa mwana ali m'mimba. Kwa akuluakulu umakweza magazi ndi kuononga impso. Lipoti la UNICEF ndi Pure Earth la mu 2020 lidapeza kuti mwana mmodzi mwa atatu alionse pa dziko lapansi ali ndi mtovu wochuluka m'magazi, ndipo lidatchula kuswa mabatire mwachisawawa ngati gwero limodzi lalikulu.

Izi zidachitikapo mu Africa momwemuno. Ku Thiaroye-sur-Mer, kufupi ndi mzinda wa Dakar ku Senegal, ana 18 adamwalira pakati pa 2007 ndi 2008 m'dera lomwe anthu ankaswa mabatire ndi kusefa dothi kuti apeze tizidutswa ta mtovu togulitsa. Amayi ankachita ntchitoyi pakhomo ana ali pambali. Ku Owino Uhuru mumzinda wa Mombasa ku Kenya, fakitale yosungunula mabatire idadwalitsa anthu oyandikana nayo, ndipo mu 2020 khoti lidagamula kuti apepesedwe ndi mashilingi 1.3 biliyoni pa mlandu womwe adautsogolera ndi Phyllis Omido. Ku Kabwe m'dziko la Zambia mgodi wa mtovu udatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero ana a kumeneko akupezekabe ndi mtovu wambiri m'magazi.

Pamsika pomwe batire limakhala moyandikana ndi tomato, usipa ndi mandasi, malamulo ake ndi osavuta kusunga. Batire ligulidwe lathunthu ndipo ligulitsidwe lathunthu, osaliswa, osalikhuthula. Lisungidwe choimirira pa thabwa kapena pa simenti, pa mthunzi, pomwe mvula kapena madzi osefukira sangafike, kutali ndi chitsime, chakudya ndi ana. Lomwe lang'aluka liikidwe m'chidebe cha pulasitiki. Wonyamula avale magolovesi, asambe m'manja ndi sopo asadadye, ndipo zovala za ntchitoyi zisachapidwe pamodzi ndi za ana. Asidi akatayikira pansi athiridwe soda kapena laimu. Akagwera pakhungu kapena m'maso, munthu atsuke ndi madzi ambiri kwa mphindi zosachepera 15 kenako athamangire kuchipatala. Potchaja, chipinda chikhale chopita mphepo ndipo pasakhale kandulo, mbaula kapena wosuta fodya, chifukwa batire limatulutsa mpweya woyaka.

Batire la lithium vuto lake ndi moto. Likaboola, kuphwanyika kapena kutenthedwa ndi dzuwa limatha kuyaka lokha, ndipo moto wake ndi wovuta kuzimitsa. La foni lomwe latupa lisatchajidwenso. Okonza mafoni azimata mitu ya mabatire akale ndi tepi n'kuwasunga m'chitini cha mchenga kunja kwa shopu, osati m'kabati ya mapepala, ndipo asamawaponye pa dzala loyaka moto.

Chiphaso ndi kaundula

Batire lakutha lili m'gulu la zinyalala zoopsa. Lamulo loona za chilengedwe la mu 2017 lidakhazikitsa bungwe la Malawi Environment Protection Authority, lomwe limapereka zilolezo kwa osunga, onyamula ndi otulutsa kunja zinyalala zotere. Dziko lino lilinso mu mgwirizano wa Basel, womwe umaletsa kuolotsa zinyalala zoopsa pa malire popanda chilolezo cha maiko onse okhudzidwa. Kwa amalonda a pa Muloza, komwe katundu amayenda tsiku lililonse pakati pa Mulanje ndi Milange, izi zikutanthauza kuti kudutsitsa mabatire akutha m'njira zachidule kukhoza kuthera pa kulandidwa katundu. Palinso lamulo loona za ogula katundu wakale ndi zitsulo zakutha lomwe limafuna kuti wochita geniyi akhale ndi chiphaso. Woyamba kumene afike kaye ku ofesi ya zamalonda ndi ya zachilengedwe ku khonsolo ya Mulanje kuti amve zomwe zikufunika pa kukula kwa geni yake, ndipo azigulitsa kwa wogula wamkulu yemwe angaonetse chilolezo chake.

Vuto lina ndi katundu wakuba. Mabatire amabedwa pa nsanja za mafoni, pa mijigo ya sola, m'zipatala zing'onozing'ono ndi m'sukulu. Batire lalikulu looneka latsopano lomwe munthu akuligulitsa usiku pa mtengo wa chinyalala liyenera kukanidwa, chifukwa kulandira katundu wakuba ndi mlandu ndipo apolisi akafika amayambira pa yemwe wapezeka nalo. Kabuku kolembamo tsiku, dzina la wogulitsa, mudzi wake, nambala ya chitupa, mtundu wa batire ndi kulemera kwake kamateteza wogula, komanso kamamuonetsa pakutha pa mwezi ngati geni ikuyenda.

Kwa ambiri omwe amadalira batire pa geni yawo, monga ometa, otchaja mafoni ndi oonetsa mpira, ndalama yoyamba ili pa kulisamalira kuti lichedwe kufika pa sikelo. Batire la mtovu lisamatsitsidwe moto kupitirira theka, likhale ndi kachipangizo koletsa kudzaza mopyola muyeso pakati pa ilo ndi sola, ndipo madzi akachepa muonjezeredwe madzi a batire a m'botolo okha, osati a pachitsime kapena asidi. Batire lomwe likadafa m'miyezi 10 likatha zaka ziwiri, mwini wake wapulumutsa mtengo wa batire lathunthu, ndalama yomwe ndi yochuluka kuposa yomwe angapeze pogulitsa akutha angapo.

Njinga zamoto zoyendera magetsi zikadali zochepa m'dziko muno, koma zikachuluka pa masiteji a kabaza mabatire a lithium akale adzayamba kupezeka ambiri, ndipo makampani ozigulitsa adzafuna anthu odalirika owatolerera m'maboma. Amene adzakhale ndi mwayi pa nthawiyo ndi yemwe ali kale ndi chiphaso, malo osungira abwino, sikelo yolondola ndi kabuku kosonyeza kuti wakhala akuchita geniyi mwadongosolo.